Mbaula ya Ethanol M'nyumba: Ngozi ya Mwana Imayambira M'manja mwa Wamkulu

M'masitolo ogulitsa katundu wa m'nyumba ku London, ku Paris, ku Sydney ngakhale ku Johannesburg muli chipangizo china chimene amachiika pashelefu imodzi ndi miphika ya maluwa ndi nyale zokongoletsera. Ndi kabokosi kachitsulo, kawirikawiri kokhala ndi magalasi awiri m'mbali, ndipo pakati pake pali kathanki kothiramo mafuta ooneka ngati madzi. Ukathira mafutawo n'kuyatsa, pamabuka malawi okongola, opanda utsi, opanda phulusa, osalira chumuni. Iyi ndi mbaula ya bioethanol. Zina amazikhomera kukhoma, zina zimaima pansi pabalaza, ndipo zing'onozing'ono amazikhazika patebulo pomwe anthu akudyera. Amazikonda kwambiri anthu okhala m'nyumba zosanjikizana ndi m'nyumba za lendi, amene sangaboole denga la eni ake kuti amange chumuni koma akufuna moto wowotha m'miyezi yozizira. Banja lakwathu limene lakhazikika ku Manchester kapena ku Cape Town silingachedwe kukumana nazo, kaya m'sitolo, pa intaneti, kapena kunyumba kwa anzawo kumene ana apita kukacheza. Makolo akaiona mbaulayi amaganiza kuti ntchito yawo ndi imodzi yokha, kuletsa mwana kukhudza malawi. Koma ngozi zimene zachitika m'maiko osiyanasiyana zikuloza kwina. Zoopsa kwambiri zimayamba ndi botolo la mafuta lili m'manja mwa munthu wamkulu, ndipo mwana akhoza kupsa ali phee pamalo pake, osalakwa kanthu.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe ndi mafutawo. Bioethanol ndi mowa womwe uja umaledzeretsa m'kachasu, kungoti autcheza mpaka kufika pa magawo pafupifupi 96 pa 100 alionse, kenaka n'kuthiramo mankhwala kuti usamweke. Amaupanga kuchokera ku nzimbe, chimanga, tirigu ndi mbewu zina. Amalawi si alendo pa mafutawa: fakitale ya ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota inayamba kupanga ethanol mu 1982 kuchokera ku zotsalira popanga shuga, ya PressCane ku Chikwawa inatsatira mu 2004, ndipo ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo wa magalimoto athu. Kuchokera ku mbewu za m'munda sikuchepetsa ukali wake. Pa mafuta alionse amadzimadzi, chimene chimagwira moto ndi mpweya umene umafuka pamwamba pake. Palafini amafuna atenthe kufika pa madigiri 38 kapena kuposerapo kuti atulutse mpweya wokwanira kuyaka, n'chifukwa chake koloboyi amalira chingwe. Ethanol amatulutsa mpweya wotere pa madigiri 13 okha. Ndiye kuti m'chipinda chilichonse chimene munthu angakhalemo osanjenjemera, botolo lotsegula likufuka kale mpweya wongodikira lawi. Mpweyawo ndi wolemera kuposa umene timapumawu, choncho sukwera kudenga. Umatsika n'kuyenderera pansi, komwe kumakhala mwana wokwawa. Chinanso, lawi la ethanol ndi labuluu wotumbuluka, ndipo masana kapena pansi pa getsi lowala silioneka bwino, makamaka mafuta akatsala pang'ono. Munthu akhoza kusuzumira m'kathanki n'kulumbira kuti moto wazima, pamene ukadali pansipo.

Zinthu zimenezi zikakumana, ngozi imayenda motere. Malawi ayamba kuchepa, alendo akadali pabalaza, nkhani zikukoma, ndipo mwini nyumba atenga botolo kuti awonjezere mafuta. Botololo lili theka. M'malo opanda mafutawo mwadzaza mpweya wa ethanol wosakanikirana ndi mpweya wamba, ndipo chisakanizo chimenechi chimaphulika chikangokhudzana ndi moto. Akapendeketsa botolo, mafuta amagwera pachitsulo chotentha n'kufuka msanga, kalawi kosaoneka kaja kamawagwira, ndipo moto umakwera ndi mafuta othiridwawo mpaka kulowa m'botolo munthu asanaphethire. Mpweya wa m'katimo umatentha n'kufufuma, ndipo poti potulukira ndi pamodzi pokha, botolo limalavula mafuta oyaka kudzera pakamwa pake, mtunda wa mamita angapo. Taonani kumene kwaloza kamwalo. Wothira amagwira botolo chakumbuyo, kamwa likuyang'ana kutsogolo, kotero amene amalandira motowo ndi amene wakhala tsidya lina la tebulo kapena waima pafupi kuonerera. Mwana wa zaka zitatu akaimirira, nkhope yake imakhala pamlingo wa tebulo ndendende. Mafuta akagwera pajuzi kapena padiresi amapitirira kuyaka pomwepo, ndipo nsalu za nayiloni zimasungunuka n'kumatirira pakhungu. Mwana ameneyu anamvera malangizo onse: sanakhudze moto, sanathamange m'nyumba, anakhala patali monga anamuuzira.

Izi si zongoopseza. Ku Australia, mu Okutobala 2016, mayi wina wa zaka 28 anapsa kwambiri mbaula yotere itaphulika panyumba ina cha ku Perth. Mu Disembala chaka chomwecho boma la Western Australia linaletsa kwa kanthawi kugulitsa mbaula za ethanol zonyamulika, zigawo zina zinatsatira, ndipo mu Malichi 2017 chiletsocho chinakhala cha dziko lonse. Bungwe loteteza ogula la ACCC linanena kuti kuyambira mu 2010 anthu oposa 100 anavulala ndi zipangizozi ndipo zinayambitsa moto maulendo oposa 100. Mu Julaye 2017 dzikolo linakhazikitsa lamulo lokhalitsa: mbaula yokongoletsera ya ethanol iyenera kukhala yokhomera pamalo amodzi, apo ayi ilemere makilogalamu osachepera 8 ndipo tsinde lake likhale lotambalala masikweya sentimita osachepera 900, komanso igulitsidwe ndi botolo lokhala ndi chotchinga moto pakamwa kapena ndi pampu yothira yokha mafuta. Ku America, mu 2011, bungwe loteteza ogula la CPSC pamodzi ndi makampani asanu ndi anayi anachotsa pamsika mabotolo pafupifupi 2 miliyoni a mafuta a mowa okhuthala ngati phala, amene ankathiridwa m'timiphika tamoto tokongoletsera. Mu Disembala 2024 bungwe lomwelo linachenjeza anthu kuti asiye kugwiritsa ntchito timbaula ta patebulo tothira mowa wamadzi, ponena kuti kuyambira mu 2019 tapha anthu awiri ndi kuvulaza osachepera 60. Chofunika kuona ndi kumene malamulowa analunjika: pa kulemera kwa mbaula ndi pakamwa pa botolo. Chotchinga motocho ndi kasefa ka timabowo ting'onoting'ono kamene kamalola mafuta kutuluka koma kamalanda lawi kutentha kwake kuti lisalowe, nzeru yomwe ija Humphry Davy anagwiritsa ntchito mu 1815 popanga nyale ya anthu a m'migodi ya malasha.

Choncho lamulo loyamba la panyumba likhale la akuluakulu. Mafuta sathiridwa m'mbaula yoyaka, yongozima kumene kapena yofunda, ndipo sathiridwa mwana ali m'chipindamo. Maso sangatsimikizire kuti moto wazima. Chotsimikizira ndi kutseka chivindikiro cha kathanki kuti moto usowe mpweya, kenaka n'kudikira mpaka chitsulo chizizire. Opanga ambiri amalemba kuti munthu adikire mphindi 15 kapena kuposerapo, koma chitsulo chochindikala chimasunga kutentha nthawi yaitali kuposa pamenepo. Chanzeru kwambiri ndi kuthira mafuta kamodzi, alendo asanafike, ana ali kwina, n'kuvomereza kuti akatha ndiye kuti moto wa tsikulo watheranso pomwepo. Pothira osapyola mzere umene wopanga analemba. Mafuta amene adonthera pambali apukutidwe, nsalu yopukutirayo ikayanikidwe panja, wothirayo asambe m'manja, botolo litsekedwe ndi kubwerera kumalo ake, ndipo pokhapo m'pamene ayatse, ndi choyatsira chachitali osati machesi ogwira m'zala. Mbaula yoyaka sinyamulidwa kupita nayo kuchipinda china, chifukwa munthu akangopunthwa mafuta amatayika moto uli pamwamba pake. Ndipo m'kathanki simulowa petulo, palafini kapena mafuta ena alionse kupatula amene wopanga anatchula. Malamulo onsewa mwana sangawasunge kapena kuwaphwanya, chifukwa si iye amagwira botolo.

Izi sizikutanthauza kuti dzanja la mwana lilibe gawo. Mwana amene akuphunzira kuyenda amadzuka pogwirira chilichonse chimene wachipeza, amakoka nsalu ya patebulo, amakwera pampando kuti aone chimene chikuwala. Wokulirapo amaponya mpira m'nyumba ngakhale aletsedwe kangati. Mbaula ya makala ikagwa, makala amamwazika n'kukhala pomwe agwerapo. Ya ethanol ikagwa, moto umayenda ndi mafutawo pakapeti mpaka pansi pa sofa. Magalasi a m'mbali aja amanyenga, chifukwa amaoneka ngati chitetezo pamene ntchito yawo ndi kukhazika malawi kuti asapepesuke ndi mphepo. Amatentha kwambiri, ndipo amakhalabe otentha moto utazima, popanda chizindikiro chilichonse. Khungu la mwana ndi lopyapyala kuposa la wamkulu, kotero kutentha kumene kungangofiiritsa chikhatho cha bambo kumasiya bala lakuya pachikhatho cha khanda, ndipo bala la m'chikhatho likapola molakwika limakoka zala. Pa chifukwa chimenechi mbaula ya patebulo ilibe malo m'nyumba ya ana aang'ono. Yololeka ndi yokhomera kukhoma kapena yolemera moti mwana sangaisunthe, yotalikirana ndi makatani, mipando ndi zoseweretsa mita imodzi kapena kuposerapo, ndiponso yozunguliridwa ndi mpanda wachitsulo wokhomera kukhoma, osati wongoimika, umene mwana akautsamira umagwera pamoto pomwepo. Kwa okhala ku England ndi ku Wales nkhaniyi ili ndi mbali ya lamulo: Children and Young Persons Act ya 1933 imati ndi mlandu ngati munthu wosamalira mwana wosakwana zaka 12 amulola kukhala m'chipinda chokhala ndi moto wosatchingidwa mokwanira, mwanayo n'kupsa kwambiri kapena kumwalira.

Botolo lomwelo lili ndi ngozi yachiwiri moto usanayatsidwe n'komwe. Mafutawa amaoneka ngati madzi akumwa, ndipo ena amawathira fungo la vanila kapena la zipatso kuti m'nyumba muzinunkhira. Opanga ambiri amathiramo mankhwala owawa kwambiri otchedwa denatonium, amene anatulukiridwa ku Edinburgh mu 1958 ndipo amagulitsidwa ndi dzina la Bitrex, kuti wolawa alavule. Zimathandiza, koma mwana waludzu amameza kaye, kuwawa n'kukumva pambuyo. Mowa wamphamvu chonchi, ngakhale wochepa, umatha kugwetsa shuga m'magazi a mwana wamng'ono mpaka kumukomola. Kuno kumwera kwa Africa vutoli timalidziwa kale kudzera pa palafini, amene wadwalitsa ana ambirimbiri chifukwa anthu amamusunga m'mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi. Ethanol akhale m'botolo lake lomwe anabwera nalo, la chitsekerero chovuta kwa mwana, m'kabati yokiya, pamalo ozizira, kutali ndi mbaulayo ndiponso kutali ndi chitofu. Kugula chigubu chachikulu kumatchipa, koma kumatanthauza kusunga m'nyumba yogona anthu malita ambiri a mafuta ogwira moto msanga ndi kuwatsanulira m'mabotolo ena opanda chotchinga moto. Mwana akamwa mafutawa asamusanzitse. Athamangire naye kuchipatala atatenga botololo kuti adokotala aone zimene zasakanizidwamo.

Wina anganene kuti ndikuiwala ubwino waukulu wa mbaulayi, woti ilibe utsi, ndipo utsi wa nkhuni ndi makala ndi umene umawononga mapapo a ana. N'zoona kuti ethanol amayaka bwino kuposa nkhuni, ndipo sindikutsutsa zimenezo. Koma moto wopanda chumuni umasiya m'chipinda zonse zimene watulutsa. Lita imodzi ya ethanol ikayaka yonse imadya mpweya wa oxygen wolemera kuposa kilogalamu imodzi ndi theka, imatulutsa carbon dioxide pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndiponso nthunzi yokwana madzi pafupifupi lita imodzi, imene imakaunjikana pamawindo ndi m'makona momwe nkhungu zimamera. Umu ndi mmene zimakhalira zonse zikayenda bwino. Oxygen akachepa, moto umayamba kutulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Mu 2014 akatswiri a bungwe la Fraunhofer ku Braunschweig, ku Germany, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anayatsa mbaula zosiyanasiyana za ethanol m'chipinda choyesera, ndipo anapeza mumpweya wake nitrogen dioxide, formaldehyde, benzene ndi tinthu ting'onoting'ono tolowa mpaka m'kati mwa mapapo. Mwana amapuma mofulumira kuposa wamkulu ndipo poyerekeza ndi thupi lake amakoka mpweya wambiri, choncho ndiye woyamba kukhudzidwa, makamaka ngati ali ndi mphumu. Mbaulayi imafuna chipinda chachikulu, windo lotsegulako, kachipangizo kolira carbon monoxide akachuluka, ndipo siyenera kulowa kuchipinda chogona. Koma windo likatseguka kutentha kumathawira panja, zimene zikuonetsa kuti ichi n'chokongoletsera nyumba kuposa chofunditsira.

Kutsutsa kwina kumachokera kwa ife amene tinakulira pafupi ndi mafuwa. Timati ana a kumudzi amawotha moto m'mawa uliwonse wa Juni ndipo amakula bwinobwino, nanga kamoto ka m'bokosi kangaopse chiyani? Poyamba, si onse amene amakula bwinobwino. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 180,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kupsa, ndipo ambiri mwa iwo ndi a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Wodi ya anthu opsa pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre imalandira ana ambiri amene anagwera pamoto kapena anatayikiridwa phala ndi madzi otentha. Amene timanena kuti tinakula bwino ndife amene tsoka linatilambalala. Kachiwiri, nzeru zimene tinaphunzira pamoto wa nkhuni sizigwira ntchito pa ethanol, ndipo zina mwa izo n'zimene zimavulaza. Moto wa nkhuni umadzionetsa ndi utsi, kufiira kwa makala ndi kuthetheka, ndipo ukayamba kuchepa timausonkhezera pomwepo osauzimitsa kaye. Dzanja limene linazolowera kusonkhezera moto ukuyaka ndi limene lingatenge botolo mosaganiza kawiri. Komanso mwana wa pamafuwa amaphunzira kuopa moto pang'onopang'ono, poyandikira n'kumva kutentha, kapena pokhudza khala n'kulira. Moto wolavulidwa ndi botolo supereka phunziro laling'ono lotero. Tsiku loyamba limene mwana akumana nawo likhoza kumusiyira zipsera za moyo wonse.

Enanso amati chitetezo chachikulu ndi diso la kholo, ndipo iwo sasiya mwana yekha ndi moto. Kuyang'anira mwana n'kofunika, ndipo mbaula yoyaka siyenera kusiyidwa popanda munthu wamkulu ngakhale kwa mphindi imodzi. Koma diso limathandiza pangozi zimene zimabwera pang'onopang'ono, monga mwana amene akukwawira kumoto. Pangozi ya botolo, kholo limakhala pomwepo, likuyang'ana, ndipo ndi lomwe likuthira. Tiganizirenso nthawi imene mbaulazi zimayatsidwa. Ndi madzulo, pakakhala alendo, pachikondwerero, pamene akuluakulu ena alawako chakumwa, ana a mabanja angapo akuthamangitsana, ndipo aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye akuwaona. Mlendo wofuna kuthandiza, amene sanawerengepo malangizo, akaona malawi akuchepa ndipo botolo lili pafupi, amalitenga. N'chifukwa chake chitetezo chodalirika ndi chimene chimagwirabe ntchito munthu atatopa kapena ataiwala: botolo lokiyiridwa kuchipinda china, kasefa pakamwa pake, mpanda wokhomera, ndi munthu mmodzi yekha panyumbapo amene ali ndi udindo woyatsa ndi kuzimitsa. Ana okulirapo afotokozeredwe chifukwa chake, kuti moto uwu umatha kubisala ndipo mafuta ake sagwiridwa, popeza mwana wa zaka khumi amene waona bambo akuthira amafuna kuyesa yekha pamene palibe munthu.

Pali funso lina loyenera kuliyankha mwachilungamo: ngati chinthu chikugulitsidwa poyera, si ndiye kuti chinayesedwa? Zina zinayesedwadi. Ku Ulaya kuli muyezo wa EN 16647, umene unatuluka mu 2015, woyesa zinthu monga ngati mbaula ingagwe ikapendekeka, ndipo wogula ayenera kuufunafuna pabokosi ndi m'kabuku ka malangizo. Zilipo mbaula zamakono zimene zimasunga mafuta m'thanki yotseka, zimadzithira zokha ndi pampu, zimakana kutseguka zikadali zotentha ndipo zimazima zikagwedezeka, koma mtengo wake ndi wokwera kwambiri. Zotchipa zimene zadzaza pa intaneti nthawi zambiri zimangokhala kachitini kotseguka m'kati mwa chokongoletsera, ndipo wogulitsa ali kudziko lina kumene lamulo la kwanuko silimufika. Kusiyana kumeneku kukusonyeza kuti vuto si ethanol payekha. Chitofu chophikira cha CleanCook, chochokera ku Sweden, chimene bungwe la Project Gaia linachigawa m'misasa ya anthu othawa kwawo ku Ethiopia, chimasunga ethanol m'chitini chodzaza ndi ulusi womwa mafuta, moti ngakhale chitagudubuzika mafuta satayika, ndipo pothira mafuta chitinicho amachichotsa m'chitofu. Kumeneko ethanol analowa m'malo mwa nkhuni, n'kuchotsa utsi m'nyumba za mabanja amene ayenera kuphika tsiku ndi tsiku. Ngozi yotsalayo ili ndi phindu looneka loilipira. Mbaula ya pabalaza phindu lake ndi kukongola, ndipo poyeza kukongola ndi khungu la mwana, muyeso suyenera kuvuta.

Popeza ngozi imatha kuchitika ngakhale kwa osamala, banja lidziwiretu chochita. Moto ukakula m'kathanki, chivindikiro chitsekedwe. Ukatayikira pansi, uvindikiridwe ndi bulangete lozimitsira moto kapena upoperedwe ndi chozimitsira cha ufa, ndipo zinthu ziwirizi zikhale pafupi ndi khomo pamene munthu angazifikire osadutsa pamotopo. Kapu ya madzi yokhuthulira pa mafuta oyaka imangowamwaza. Moto ukapitirira mphamvu zanu, onse atuluke, chitseko chitsekedwe, ozimitsa moto aimbiridwe muli panja. Ku Britain nambala ndi 999, ku South Africa 112 pafoni ya m'manja. Zovala za mwana zikagwira moto asathamange. Agonekedwe pansi, akutidwe ndi bulangete lochindikala kapena athiridwe madzi ambiri mpaka motowo uzime. Kenaka bala liikidwe pamadzi ozizira oyenda, monga a pampopi, kwa mphindi 20, thupi lonselo litafunditsidwa kuti mwana asazizidwe. Zovala, zibangili ndi mikanda zichotsedwe malowo asanatupe, kupatula zimene zamatirira pakhungu. Ayezi, mankhwala otsukira mano, mazira, mafuta ophikira ndi zitsamba zisayandikire pabalapo, chifukwa zimawonjezera kuwonongeka ndi kulowetsa tizilombo. Balalo likutidwe mopepuka ndi pulasitiki yopyapyala yokutira chakudya kapena nsalu yoyera yopanda ubweya. Bala la kumaso, m'manja, kumapazi kapena kumaliseche, bala lalikulu kuposa chikhatho cha mwanayo, ndi bala lililonse la khanda, ndi la kuchipatala tsiku lomwelo.

Pali malo amodzi amene malamulo a panyumba panu safika, ndiwo nyumba za anthu ena. Kholo likhoza kukana kugula mbaula yotere, koma n'kuipeza ikuyaka patebulo kwa apongozi, kwa mnzake wa kuntchito kapena kumalo odyera. Mwambo wathu umatiphunzitsa kuti mlendo salamula panyumba pa eni, ndipo kuuza mwini nyumba mmene angasamalire moto wake kumaoneka ngati chipongwe. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Sipafunika kukangana kapena kuphunzitsa munthu pagulu. N'zokwanira kupempha mwaulemu kuti asawonjezere mafuta ana ali pomwepo, ndipo ngati botolo latuluka kale, kholo linyamule mwana wake n'kupita naye kuchipinda china mpaka atamaliza. Chimodzimodzi mwana akamapita kukagona kwa anzake kapena akamasiyidwa ndi womulera, kufunsa ngati m'nyumbamo muli moto wotere n'koyenera monga kufunsa za galu wolusa kapena dziwe losambiramo.

Maganizo anga ndi akuti banja limene lili ndi mwana wosakwana zaka zisanu lidikire kaye. Zaka zimenezi sizichedwa kutha, ndipo zilipo mbaula zamagetsi zoonetsa malawi ongoyerekeza zimene zimafunditsa chipinda popanda mafuta oti athiridwe. Banja limene lili nayo kale, kapena lapeza kuti inakhomeredwa kale m'nyumba ya lendi, lili ndi njira ziwiri zoona: kuisiya yosayatsa, mafuta osagula n'komwe, kapena kuiyatsa litakwaniritsa zonse, mpanda, kasefa, kabati yokiya, windo lotsegula, chozimitsira moto ndi lamulo losathira mafuta mwana ali pafupi. Kukwaniritsa zina n'kusiya zina kumapereka chidaliro chabodza, chifukwa mpanda sutchinga moto wolavulidwa ndi botolo, ndipo kasefa sikaletsa mbaula kugwa. Amene akuona kuti zofunikazi zachuluka poyerekeza ndi chisangalalo cha maola ochepa a malawi wawerengera bwino, ndipo chanzeru kwa iye ndi kusagula.